Sabata Imene Ana a Fomu 3 Anaima Kutsogolo

Ndimaphunzitsa mbiri yakale ndi phunziro la Heritage Studies (la chikhalidwe ndi cholowa cha dziko) pa sukulu ina ya sekondale kum'mawa kwa Harare, kumene ana ambiri amachokera ku Mabvuku ndi ku Tafara. M'nyumba zambiri za madera amenewa muli agogo amene anabwera kuchokera ku Nyasaland, ku Mozambique kapena kum'mawa kwa Zambia m'masiku a chitaganya, pakati pa 1953 ndi 1963, ena kale kuposa apo. Mwa ana 48 a m'kalasi mwanga ndikhoza kuwerenga oposa khumi amene amalankhula Chichewa akafika pakhomo, Chishona akakhala m'njira, ndi Chingerezi akaona mphunzitsi. Inenso ndine mdzukulu wa machona. Kuchokera mu 2024, pamene boma linachotsa ntchito za CALA, zoyesera ana m'kati mwa chaka, zimene zinkatopetsa makolo, n'kuikapo mapulojekiti ochitira pasukulu, ndinadziikira lamulo lakuti chimene mwana wafufuza asamangochilemba, koma azichifotokozanso ndi pakamwa pamaso pa anzake. Sabata yatha inali nthawi yake.

Magulu ndinawagawa ndekha Lolemba, powerengetsa ana kuyambira 1 mpaka 8, chifukwa ndikawasiya kuti asankhane okha, olongolola amaunjikana pamodzi ndipo amanyazi amatsala m'ngodya ngati nkhuku zonyowa. Panatuluka magulu 8 a ana 6, gulu lililonse ndi mutu wake: madzi a ku Lake Chivero, amene mzinda wa Harare umamwa, ndi miliri ya kolera ya mu 2008 ndi 2018, msika wa Mbare Musika, kusintha kwa dzina la mzinda kuchoka pa Salisbury kukhala Harare mu 1982, damu la Kariba, zilankhulo 16 zimene malamulo a dziko la Zimbabwe a mu 2013 amazivomereza, kubwera kwa anthu a ku Nyasaland, ndi ina iwiri. Aphunzitsi timakonda kuteteza ntchito ya m'magulu ndi mwambi wakuti mutu umodzi susenza denga, koma zaka zandiphunzitsa kuti m'kalasi dengalo limasenzedwa ndi mutu umodzi nthawi zonse, ena asanuwo akungogwira m'mphepete mwa pepala la manila n'kumamwetulira. N'chifukwa chake ndinawauza kuti gulu lili ndi mphindi 8, aliyense ayenera kulankhula mphindi yosachepera imodzi, ndipo woyankha funso ndidzamuloza ine.

Lachiwiri linali tsiku loyeserera, ndipo ndi limene linandipatsa ntchito yaikulu. Ana pafupifupi onse anabwera ndi masamba odzaza mawu okopera pa foni, mawu aatali amene iwo eni sakanatha kuwamasulira, ndipo ankawawerenga atafulatira kalasi, nkhope ili pa bolodi. Ndinawalanda masambawo n'kupatsa aliyense kapepala kakang'ono koti alembepo mawu asanu okha omukumbutsa. Kenako ndinawatulutsa panja, pansi pa mitengo, kuti aliyense ayambe wafotokozera gulu lake nkhaniyo m'chilankhulo cha kunyumba, Chishona kapena Chichewa, asanaisandutse Chingerezi. Anzanga ena a m'chipinda cha aphunzitsi sagwirizana nayo njira imeneyi, chifukwa mayeso a boma a ZIMSEC amalembedwa m'Chingerezi, koma ine ndaona kuti mwana amene walephera kufotokoza nkhani m'chilankhulo cha mayi ake ndiye kuti sanaimve, ndipo Chingerezi chimangomuthandiza kubisa kusamvako.

Panali mtsikana wina wa ku Tafara, wa m'gulu la mutu wa anthu a ku Nyasaland, amene analemba pafupifupi zonse za gululo, koma itafika nthawi yake mawu ankathera pachifuwa ndipo maso sanachoke pa nsapato zake. Pepala lathu loperekera malikisi lili ndi malikisi 20, ndipo 4 mwa amenewa ndi a kuyang'ana omvera. Apa pali vuto limene olemba mapepala oterewa saliganizira. Mwana woleredwa bwino kwathu sayang'ana wamkulu m'maso, sakweza mawu pagulu, ndipo akafunsidwa amayamba wakhala chete pang'ono. Zimene agogo ake amuyamikira nazo kwa zaka 15 ndizo zimene ine ndikumuchotsera nazo malikisi. Sindingamuuze kuti agogo ake analakwitsa, chifukwa sanalakwitse. Ndinangomufunsa kuti, "Mwanangu, kodi mlendo akabwera kwanu umamupatsa madzi utamufulatira?" Anapukusa mutu. Ndinamuuza kuti anzake 47 aja ndi alendo ake kwa mphindi imodzi yokha, ndipo ngati maso awo akumuopsa, asankhe malo atatu pakhoma la kumbuyo, kumanzere, pakati ndi kumanja, n'kumayang'ana pamenepo mosinthasintha.

Za Lachitatu sindinena zambiri. Magetsi anali atathima, choncho gulu limene linakonza zithunzi pa laputopu ya mchimwene wa mmodzi wa iwo linangoyendetsa foni m'mizere. Magulu atatu analankhula. M'gulu la Kariba mnyamata wina wodziwa kuseketsa anthu analankhula mphindi 6 yekha, anzake asanu n'kugawana ziwiri zotsalazo, ndipo anadabwa kwambiri nditalozera funso kwa mnzake amene anangoti kukamwa yasa. Chinthu chimodzi chokha ndicho chinandiimitsa phunziro. Mwana wina wa Chichewa atasokoneza l ndi r m'mawu a Chingerezi, kalasi inaphulika ndi kuseka. Ndinawakumbutsa kuti m'Chichewa zilembo ziwirizi zimalowerana, pamene Chishona cholembedwa chilibe l n'komwe, mwakuti osekawo ali ndi ngongole yawo pa chilembo chomwecho. Ndinaitana mmodzi wa oseka kwambiri kuti atchule mawu atatu amene ndinalemba pa bolodi, ndipo kusekako kunatembenukira kwina.

Lachinayi magulu awiri anapita bwino, makamaka la Mbare Musika, limene linafunsa amayi awiri ogulitsa tomato nthawi imene amadzuka ndiponso kumene katundu wawo amachokera. Ana akamanena zimene anamva ndi makutu awo sasowa kapepala. Koma nthawi yopuma gulu la mtsikana uja linandipeza litagawanika. Mnyamata mmodzi sankafuna kuti zimveke m'kalasi kuti agogo ake anachokera ku Dedza, chifukwa ankadziwa zotsatira zake: dzina lachipongwe lakuti mubhurandaya, lochokera ku dzina la mzinda wa Blantyre, ndi mafunso osatha a zvigure, monga mmene anzathu a Chishona amatchulira gule wamkulu. Sindinamudzudzule, chifukwa dzina lomwelo linandiliza ndili mu Giredi 5. Tinagwirizana kuti iye afotokoze za njira imene anthu ankadzera, kudutsa ku Tete, kuwoloka Zambezi mpaka ku Mutoko, pamodzi ndi malole a ulere amene ankanyamula ofuna ntchito, popanda kutchula za kwawo. Kuphunzitsa mwana kulankhula pagulu sikundipatsa mphamvu yomuululitsa za m'nyumba mwawo. Mtsikana uja ndiye anapempha kuti abwere ndi chinthu china cha agogo ake aamuna, ndipo ndinavomera ndisanafunse kuti n'chiyani.

Gulu lawo linali lachiwiri Lachisanu. Anayi oyamba anachita mwa apo ndi apo, mnyamata wa ku Dedza uja anajambula njira yonse pa bolodi mosalakwitsa, kenako inafika nthawi ya mtsikanayo. Ananena chiganizo chimodzi n'kuima. Pa wotchi yanga panadutsa masekondi 12, amene m'kalasi amamveka ngati ola lathunthu. Mnzake wa pambali anatsegula pakamwa kuti amupulumutse, ine ndinamuletsa ndi dzanja, ngakhale kuti nanenso lilime linkandiyabwa. Mphunzitsi wophunzitsa ntchito imeneyi amavutika kwambiri kuphunzira kukhala chete. Mtsikanayo anapisa m'thumba la yunifolomu n'kutulutsa chitupa chakale cha agogo ake, chokulungidwa m'pulasitiki. Kuti anzake achione anayenera kuchikweza m'mwamba ndi kuyenda nacho kumanzere ndi kumanja, ndipo mutu unadzuka wokha. Anafotokoza kuti agogowo anachoka ku Ntcheu ali mnyamata, anagwira ntchito yophika m'nyumba za azungu ku Highlands, dera la mu Harare, ndipo anamwalira asanabwerereko. Mawu anali otsika, koma ana a kumbuyo anasiya kukokera mipando kuti amve.

Pa nthawi ya mafunso mnyamata wina wa Chishona anafunsa, mosanyoza, chifukwa chimene agogowo sanabwererere kwawo. Funsoli silinali pa kapepala ka aliyense, ndipo ndinaloza mtsikanayo. Anayankha m'Chingerezi chodukaduka kuti poyamba ankadikira kupeza ndalama ya njinga ndi malata kuti asafike kumudzi chimanjamanja, kenako ana anabadwa, kenako amene akanawalandira ku Ntcheu anatha kumwalira. Anawonjezera, popanda womufunsa, kuti mayi ake anabadwira ku Harare koma chitupa chawo chinali ndi mawu akuti alien, kutanthauza mlendo, mpaka malamulo a mu 2013 atawalola kusintha. Mnyamata wa ku Dedza uja ankayang'ana pawindo nthawi yonseyi.

Mtsikanayo ndinamupatsa malikisi 15, ndipo pa 4 a kuyang'ana omvera anapeza 2, chifukwa atatsitsa chitupa maso anabwerera ku nsapato. Woseketsa wa Kariba anapeza 13, ndipo ananditsatira mpaka pakhomo la chipinda cha aphunzitsi akundiuza kuti, "Madamu, ine ndiye ndinalankhula kwambiri kuposa onse." Ndinavomera kuti zinali zoona, ndipo ndinamusonyeza pa pepala pamene malikisi ake anathera. Gulu la zilankhulo 16 latsala, lidzalankhula Lolemba m'mawa, ndipo andipempha kale kuti moni wawo adzaupereke m'zilankhulo zinayi, kuphatikizapo Chichewa. Ndawauza kuti moniwo udzawerengedwa m'kati mwa mphindi 8 zomwezo.