Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 6: Dimba la Amayi Linapita ndi Ndowa Ziwiri

Ndiyambe ndi kupepesa, abale anga. Ndinalonjeza kuti gawo ili libwera Lamlungu lapitali koma ndinalephera. Ndinkati ndikagwira foni kuti ndilembe, maso ankadzadza misozi, n'kuibwezera pansi. Zikomo nonse amene munandifunsa ngati ndili bwino. Zikomo kwambiri mayi a ku Johannesburg amene munandiuza kuti nanunso munaika ana awiri pa njala ya 2002 kwanu ku Salima. Uthenga wanu ndauwerenga katatu, mawu okuyankhani sindinawapezebe.

Koma pali bambo wina amene analemba pansi pa gawo lapitalo kuti Amayi anga anali opanda nzeru, munthu sataya dimba chifukwa cha njala ya mwezi umodzi. Ndemanga yanuyo sindinaifufute, bambo. Ndaisiya dala kuti muwerenge gawo lino mpaka kumapeto, kenako mudzaiwerengenso nokha.

Mukukumbuka kuti Ababa anatisiya mu Julayi 2000. Pakhomo tinatsala asanu: agogo, Amayi, ine, mlongo wanga wonditsatira, ndi mzime wathu uja anabadwa Ababa atayamba kale kudwala. Ine ndinali Sitandade 7, ndili ndi zaka 13.

Kumayambiriro kwa 2001 mvula inachuluka kwathu ku Ntcheu. Madzi anaima pakati pa mizere masabata angapo, chimanga n'kuchita chikasu chisanamasule. Zaka ziwiri zam'mbuyomo banja lililonse linkalandira sitata paki, kathumba ka feteleza, mbewu ya chimanga ndi ya nyemba. Chaka chimenecho anachepetsa, anayamba kusankha mayina, ndipo lathu silinatuluke. Tinakolola ngolo imodzi yosadzadza. Pofika mu Okutobala, ine amene ndinkalowa m'nkhokwe kukatapa ndinayamba kuponda nsungwi za pansi.

Tinayamba ndi wailesi ya Ababa. Kenako mbuzi zathu ziwiri, pamtengo woti ukaukumbuka mtima umawawa, chifukwa aliyense ankagulitsa ziweto ndipo wogula ankangotchula mtengo umene wafuna. Nkhuku, mbale zagalasi za paukwati, zitenje ziwiri za Amayi zopitira kutchalitchi, zonse zinapita. Chimanga chimene tinkagula K5 pa kilo chinafika K17 kumsika wa boma, ndipo kwa mavenda chinapyola K30. Tinkadzuka tambala woyamba kukaima pamzere, dzuwa n'kufika pamutu, kenako n'kumva kuti chatha, bwerani mawa. Tinkabwerera ndi thumba lopindidwa kukhwapa.

Mu Disembala tinkaphika mango aawisi. Mango atatha tinkagula gaga kuchigayo, chakudya cha nkhumba, ndipo naye anayamba kuyezedwa pambale. Januwale atafika tinkadya nkhwani ndi chisoso popanda nsima. Agogo, amene anaona njala ya 1949 ali mtsikana, ndi amene anatiphunzitsa kukumba zitsa za nthochi. Unkazidula tizidutswa, kuyanika, kusinja, ufa wake wakuda. Nsima yake sigwirana, imawawa, ndipo ukadya m'mimba mumangokhala mwala. Akuluakulufe tinkameza. Mzime wathu ankaitaya ndi lilime n'kumayang'ana Amayi kumaso.

Tsopano ndinene za dimba, popeza ndi limene mwandiweruzira Amayi.

Linali m'mphepete mwa kamtsinje kotsika kuphiri, dothi lakuda lofewa, loti khasu limangolowa lokha. Agogo analandira kwa amayi awo, iwo n'kupatsa Amayi. Mvula ikatha tinkadzala kabichi, mpiru, anyezi ndi tomato, n'kumasenza madengu kupita nawo ku Lizulu. Sopo, mchere, palafini, makope athu, zonse zinkachokera m'menemo. Chimanga cha m'dimba cha chaka chimenecho tinachidya chachiwisi mu Novembala, sichinafike n'pouma pomwe. Ndipo amene munakulira kumudzi mukudziwa kuti mu Januwale dimba limakhala lili m'madzi. Silidyetsa munthu mpaka cha mu Meyi kapena Juni. Mwana wotupa miyendo angadikire Juni?

Malume mukuwadziwa kale, aja ndinakuuzani kuti anatenga njinga ya Ababa ati akaisunge. Ndiwo anali eni mbumba, achimwene awo a Amayi bere limodzi. Ankakhala chikamwini mudzi wachiwiri kuchoka kwathu, ankalima kachewere wambiri, ndipo chaka chimenecho nkhokwe yawo inali ndi chimanga. Amayi anazengereza masabata awiri asanapiteko. Tsiku limene anapita ananditenga kuti ndikasenze.

Tinawapeza atakhala pampando wa ndalema pansi pa mtengo wa mapeyala. Amayi anagwada chapatali, mwana ali kumbuyo.

"Achimwene, mwanayu wayamba kutupa. Mundibwerekeko ndowa imodzi yokha, ndidzabweza ziwiri pokolola."

Malume anayang'ana pansi nthawi yaitali. Kenako anati, "Mlongo, chaka chino ngongole ya chimanga kulibe. Aliyense akubwera ndi misozi yomweyo. Koma mukandisiyira dimba lija ndizilimako, ndikupatsani ndowa ziwiri lero lomwe."

"Ndi pinyolo kapena mukugula, achimwene?"

"Zimenezo tidzakambirana njala ikatha."

Amayi anatembenuza mutu n'kuyang'ana mwana kumbuyo. Phazi lake linali litatuluka m'chitenje, lotupa, lonyezimira. Analigwira ndi dzanja, chala chawo n'kusiya dzenje limene silinabwerere. Anati, "Yezani."

Panalibe mfumu, panalibe pepala, mboni ndinali ine ndekha. Ndikukumbuka kuti mkazi wa malume poyeza ankasesa pamwamba pa ndowa ndi dzanja kuti isachite phiri. Maso ochepa amene anagwa pansi ndinatola limodzilimodzi n'kumanga kunsonga ya chitenje changa.

Bambo inu, Amayi anga ankadziwa mtengo wa dimba kuposa inu ndi ine. Analilima kuyambira ali kamtsikana. Ankadziwanso kuti pamwambo wathu malo a mbumba sapita kwa ana a malume, ndipo anakhulupirira kuti mlongo wawo sangawachite chipongwe chotere. Akanakana tsiku limenelo, mwina ine amene ndikulemba izi bwenzi kulibe. Anthu asanu tinadya ndowa zimenezo masabata atatu, kamodzi patsiku, mgaiwa wosakaniza ndi gaga. Sindidzalola munthu aliyense, kaya ali kutauni kaya ali kunja, awatchule opanda nzeru.

Chimangacho chitatha, Amayi anati tipite ku Mozambique kukagwira ganyu. Kwa amene simudziwa dera lathu, msewu wa M1 pakati pa Ntcheu ndi Dedza umayenda m'malire mwenimweni. Pa Lizulu ukangodumpha tala walowa kale m'dziko la eni, boma la Angonia, ndipo anthu ake amalankhula Chichewa ngati ife. Kumeneko chimanga chinalipo. Tinanyamuka mbandakucha, makasu paphewa, mwana tinamusiya ndi agogo chifukwa ulendo sakanautha. M'njira munali anthu ngati akupita kumaliro a mfumu, amuna, amayi, ana, onse chete. Ena tinkawapeza atagona pansi pa mitengo, osadziwa ngati akupuma kapena atha.

Makomo atatu anatibweza, aganyu anali atachuluka kale. Khomo lachinayi, dzuwa litapendeka, mayi wina ankapeta nyemba pabwalo. Anatiyang'anitsitsa, lichero n'kuliika pansi.

"Kodi si inu a kuseri kwa phiri, pakhomo pa nthochi zambiri paja?"

Amayi anavomera ndi mutu. Mayiyo anakuwa, n'kuwakumbatira, onse awiri n'kugwa pansi akulira.

Achinyamata mwina simudziwa. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique anthu opitirira 1 miliyoni anathawira kuno ku Malawi, ndipo kwathu ku Ntcheu ambiri ankangokhala m'midzi pakati pathu. Mtendere unabwera mu 1992, iwo n'kuyamba kubwerera zaka zotsatira. Mayi ameneyu anafika pakhomo pathu usiku, ana awiri, opanda ngakhale mphika. Agogo anamuloza malo kuseri kwa nkhokwe, Amayi n'kumugawira mphika, mthiko ndi mizere ingapo m'dimba lomwe lija. Anandiuza kuti ine anandiberekapo kumbuyo ndili wakhanda. Amayi sanamuuze kuti dimbalo lapita. Anangoti kwathu zinthu zavuta.

Anatiphikira nsima ya ufa woyera ndi nyemba. Ndinadya mothamanga mpaka m'mimba munapota, ndinagona pansi ndikubuula, iye akundisisita pamsana n'kumati, "Pang'onopang'ono mwananga, ilipo ina." Ankafuna kutipatsa chimanga chaulere koma Amayi anakana, anati tigwire kaye ntchito. Tinabandira munda wake masiku anayi. Potsanzikana anatisenzetsa chimanga chopitirira malipiro athu, nyemba, ndi kachewere m'kathumba. Katunduyo anali wolemera koma tinkachita kuthamanga naye. Njira yonse Amayi ankangonena za phala limene akamphikire mwana.

Tinafika kutada. Agogo anali pakhonde, mwana ali pamiyendo. Masiku asanu okha, koma sindinamuzindikire. Tsitsi linali litafiira n'kupyapyala, masaya otupa, khungu la m'miyendo likusupuka ngati wapsa ndi madzi otentha. Anali atayamba kutsekula m'mimba. Ataona Amayi sanalire, sanatambasule manja. Anangowatsatira ndi maso.

Usiku womwewo ine ndi mlongo wanga tinasinja chimanga mumtondo, mwezi ukuwala. Amayi anasefa, n'kuphika phala lamadzimadzi, n'kumaliuzira pa sipuni. Analandira masipuni atatu. Yachinayi inangotuluka m'mbali mwa kamwa, chifukwa m'kamwamo munali zilonda zokhazokha. Amayi ankamunyengerera ndi mawu amene ankamuuza akamayamwa. "Idya bambo wanga, idya, chimanga chabwera." Mphika wa phala unazizira uli wodzadza.

M'mawa tinanyamuka kupita kuchipatala, ulendo wa maola atatu wapansi. Amayi anamubereka, ine ndinanyamula botolo la phala. Titadutsa dambo lachiwiri Amayi anaima. Sanatembenuke. Anapisa dzanja kumbuyo n'kugwira kaphazi kaja, n'kukhala choncho nthawi yaitali. Ine ndinkaona mutu wa mwana utapendekera mbali imodzi, ndinkaganiza kuti wagona.

"Mwananga, kokera chitenjechi m'mwamba, umufunditse kumutu. Dzuwa lamuwawa."

Ndinamufunditsa. Kenako Amayi anatembenuka n'kuyamba kuyenda kulowera kumudzi. Ndinafunsa kuti nanga kuchipatala, sanandiyankhe. Anayenda maola awiri mwana wakufa ali kumbuyo, osagwetsa msozi, akupereka moni kwa aliyense amene tinakumana naye. Ine ndinali pambuyo ndi botolo langa la phala, ndikuyang'ana timapazi tiwiri tikugwedezeka, ndikudziuza kuti wagona, wagona. Atangoponda pabwalo pathu n'kuona agogo, m'pamene anagwada n'kulira kulira kumene sindinakumvenso kwa munthu wina aliyense mpaka lero. Botolo lija sindikudziwa kumene ndinalisiya.

Bokosi panalibe. Tinamukulunga m'chitenje chomwecho ndi mphasa ya agogo. Mwezi umenewo maliro ankachitika pafupifupi tsiku lililonse, ndipo anthu analibe mphamvu zogona pasiwa. Adzukulu anabwera anayi okha, ankakumba pang'ono n'kukhala pansi, kukumba pang'ono n'kukhala pansi. Nsima imene anadya inali ya chimanga chimene tinamusenzera mwanayo kuchokera ku Mozambique. Malume anabwera, anakhala kumbali ya amuna, analankhula m'malo mwa banja, anathokoza onse amene anabwera. M'manja munalibe kanthu.

Pa 27 Febuluwale 2002 ndinamva pa wailesi ya aneba kuti Pulezidenti Bakili Muluzi walengeza kuti dziko lili pangozi ya njala. Mzime wathu anali atagona kumanda masiku 12. Zoti chimanga cha m'nkhokwe za dziko chinali chitagulitsidwa njala isanafike ndinadzazimva ndili ku sekondale, ndipo tsiku limenelo ndinatuluka m'kalasi.

Mu Malichi tinayamba kudula chimanga chosakhwima, kuchiyanika n'kupanga chitibu, podziwa kuti tikudya zokolola za mawa. Tinapulumuka. Ndinabwereza Sitandade 7, ndinakhoza mayeso, sekondale inatha, ndinapita ku Lilongwe. Zaka khumi zinadutsa choncho.

Mu 2012, nditalandira malipiro anga achitatu, ndinapita kwa malume ndi ndalama zogula matumba khumi a chimanga. Ndinagwada pamalo pomwe anagwada Amayi. Ndinati, "Malume, njala ija inatha. Ndabwera kudzawombola dimba la Amayi." Anaseka pang'ono n'kunena kuti, "Iwe unali mwana, sukudziwa kanthu. Dimba limenelo ndinagula." Ndinkafuna kukasuma kwa amfumu, koma Amayi anandigwira dzanja. Anati sangakokane ndi mlongo wawo pabwalo, anthu akuonerera, chifukwa cha dothi. Ndinawamvera, ngakhale mpaka lero mtima wanga sunavomereze.

Asuweni anga, ndikudziwa kuti mumawerenga, chifukwa mmodzi wa inu anandiimbira foni sabata yatha kuti ndikuchititsa manyazi banja. Dzina la bambo anu sindinalitchule, la mudzi sindinalitchule, ndipo sindidzawatchula. Inu mulibe mlandu, munali ana ngati ine. Koma musandiuze kuti ndisiye kulemba. Ndinalipo, ndinasenza ndowa imodzi mwa ziwirizo pamutu panga, ndipo ndinamva ndi makutu anga mawu akuti tidzakambirana njala ikatha. Kabichi amene mumakweza pa lole kupita naye ku Blantyre amamera pamene agogo a agogo anga ankalima. Amayi akamapita kumjigo amazungulira njira ya kumtunda, yotalika, kuti asadutse pamenepo.

Mayi a ku Angonia aja ndinakawafunafuna mu 2015. Zimene ndinakapeza kumeneko ndidzakuuzani m'gawo lotsatira, ndikapezako mphamvu.