Linear, event kapena schedule: pamene ndafika pokonza logger ya m'chitsime

Zogwira ndi manja zatha. Waya wa chitsulo chosachita dzimbiri wadulidwa pa muyeso wake, chivundikiro cha chitsime chabooledwa kuti mpweya uzilowa ndi kutuluka, logger, kachida kopachika m'chitsime komwe kamayeza ndi kulemba kokha kukwera ndi kutsika kwa madzi, yakonzeka, ndipo logger yachiwiri, yoyeza mpweya wokha, yapeza malo ake pamthunzi. Chatsala ndi funso la pa kompyuta: chidachi chizilemba liti? Pulogalamu imapereka njira zitatu, linear, event ndi schedule, ndipo mukalakwitsa apa mumadziwa patapita miyezi, pomwe madzi omwe munkafuna kuwaona adakwera n'kutsika kalekale.

Choyamba tikumbukire chimene logger yamtunduwu imayeza, chifukwa zonse zikuchokera pamenepa. Ma logger otsekeka, monga Levelogger ya Solinst, HOBO U20 ya Onset ndi Diver ya Van Essen, sayeza kuya kwa madzi mwachindunji. Amamva presha, kulemera kwa madzi ali pamwamba pawo kuphatikiza kulemera kwa mpweya umene ukupsinja madziwo. M'mbali mwa nyanja yamchere presha ya mpweya imakhala pafupifupi 1013 hPa (hPa ndi muyeso wa presha), kulingana ndi madzi otalika mamita 10.33. Ndiye kuti 1 hPa iliyonse imaoneka ngati sentimita imodzi ya madzi. Nyengo ikasintha ndi 20 hPa, girafu yanu isuntha ndi masentimita 20 madzi osagwedera n'komwe. N'chifukwa chake pamafunika logger ya mpweya, kuti miyeso yake ichotsedwe pa ya m'madzi. Solinst imalangiza kuti isatalikire kuposa makilomita 30, ndipo kusiyana kwa kukwera kwa malo kusapose mamita 300.

Linear ndi njira yosavuta: mumasankha mpata umodzi wa nthawi pakati pa miyeso, logger n'kumalemba pa mpata womwewo mpaka mutaiimitsa. Apa ndi masamu basi. Mphindi 15 zilizonse zikupereka miyeso 96 pa tsiku, 35,040 pa chaka. Mphindi iliyonse ndi miyeso 1,440 pa tsiku. Sekondi iliyonse ndi 86,400. HOBO U20 imasunga miyeso pafupifupi 21,700, kotero pa mphindi 15 idzadza patatha masiku 226, pa mphindi imodzi masiku 15, pa sekondi imodzi maola 6 okha. Levelogger 5 imasunga 150,000: zaka zopitirira 4 pa mphindi 15, masiku 104 pa mphindi imodzi, maola osakwana 42 pa sekondi imodzi. Chitani masamu amenewa papepala musanadine kalikonse, kenaka siyani malo opuma, chifukwa tsiku lokavuula logger silikhala lomwe munalemba pa kalendala.

Mpata usasankhidwe poyang'ana memore yokha. Funsani kuti chinthu chothamanga kwambiri chomwe mukufuna kuchiona chimatenga nthawi yanji. Madzi apansi panthaka oyenda ndi nyengo amakwanira ndi ola limodzi. Chitsime chokhala ndi pampu chimafuna mphindi 5 mpaka 15. Kamtsinje kosefukira mvula ikangogwa kamafuna mphindi 5 kapena kuchepera. Choopsa ndi mpata wogwirizana ndi kayendedwe ka madziwo. Tiyerekeze kuti pampu imayaka m'mawa uliwonse kwa maola awiri, ndipo logger imalemba kamodzi pa tsiku, pakati pa usiku. Girafu idzaonetsa mzere wosalala bwino, ngati chitsime chosatungidwa. Ikanakhala kuti imalemba m'mawa, chitsime chomwecho chikanaoneka chotsika chaka chonse. Kufupi ndi nyanja yamchere vutoli limabisala kwambiri: madzi amakwera pa maola 12 ndi mphindi 25 aliwonse, ndiye mukamalemba pa maola 12 enieni, mphindi 25 zotsalazo zimaunjikana n'kujambula funde lalitali la masabata awiri limene limabisa kukwera ndi kutsika kwa tsiku lililonse. Ine ndimafuna miyeso 10 kapena kuposerapo mkati mwa kukwera ndi kutsika kumodzi.

Pansi pa linear pali chosankha china chimene ambiri amangochidumpha: memore ikadzadza pachitike chiyani? Slate imaima, n'kusunga zoyambirira. Continuous imapitirira, ikufufuta zakale kwambiri. Ngati chofunika ndi chiyambi, monga poyesa pampu, kutanthauza kupopa chitsime kuti muone mmene madzi akutsikira, sankhani slate. Ngati mukudikira chinthu chosadziwika tsiku lake, monga kusefukira kwa mtsinje, ndipo mudzapita kukavuula chikangochitika, continuous ndiyo yoyenera. Dziwaninso kuti pa ma logger ambiri kuyambitsa kulemba kwatsopano kumafufuta zomwe zinalimo. Koperani fayilo kaye, itsegulidwe, muone ndi maso kuti muli manambala, kenaka muyambitse.

Event ndi imene yandidyera nthawi yambiri, chifukwa papepala imakopa. Mumaika zinthu ziwiri: mpata woti logger izidzuka kuyang'ana madzi, ndi malire a kusintha. Ikadzuka imayerekeza zimene yapeza ndi muyeso womaliza kulembedwa. Kusintha kukaposa malire imalemba, kukachepa imagonanso. Cholinga ndi kusunga memore nthawi ya bata ndi kugwira zonse madzi akamathamanga.

Njira yabwino yoiyesera ndi paipi ya PVC yotalika mamita 2, yoimikidwa chilili, yotsekedwa pansi, yokhala ndi kampopi cha m'munsi. Thiranimo madzi, pachikani logger mkati, pamwamba pakhale potseguka. Ikani mpata wa mphindi imodzi ndi malire a sentimita imodzi, musiye usiku wonse osakhudza mpopi. M'mawa mupeza mizere yolembedwa pomwe dontho silinatuluke. Wailembetsa ndi mpweya. M'madera otentha mpweya umakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku ndi 2 kapena 3 hPa, umafika pamwamba cha m'ma 10 koloko m'mawa ndi usiku, pansi cha m'ma 4 koloko. Logger yotsekeka siingasiyanitse zimenezi ndi madzi, popeza kuchotsa mpweya kumachitika pambuyo pake pa kompyuta. Vuto lalikulu lili mbali inayo: madzi akakwera ndi masentimita 2 pomwe mpweya watsika ndi 2 hPa, logger imaona ngati palibe chachitika, ndipo silemba. Limenelo ndi dzenje lomwe simungalikwirire pambuyo pake.

Malire asayandikirenso kulakwitsa kwa chidacho. Levelogger 5 imalakwitsa mpaka 0.05% ya kuya komwe inapangidwira: theka la sentimita pa ya mamita 10, masentimita 5 pa ya mamita 100. Malire a sentimita imodzi pa logger ya mamita 100 akufuna zimene chidacho sichingalonjeze. Pamadzi a mafunde zimafika poipa: kafunde kalikonse kamadutsa malire, memore n'kudzadza mofulumira ngati munaika linear yothamanga.

Vuto lachiwiri la event, pambuyo pa la malireli, ndi batire. Event imasunga memore koma sisunga magetsi, chifukwa sensa, kachipangizo komva presha, imayaka nthawi iliyonse logger ikadzuka, ilembe kapena isalembe. Zaka 10 zomwe Solinst imanena pa batire ya Levelogger zimawerengedwa pa muyeso umodzi pa mphindi. Mukaika kuti izidzuka sekondi iliyonse mwachulukitsa ntchito ka 60, ndipo batire ya chida chotsekeka chotere simungaisinthe nokha.

Chachitatu chimandidetsa nkhawa kuposa zonse. Fayilo ikakhala ndi masabata atatu opanda mzere, munena kuti madzi anali chete kapena logger inali ndi vuto? Simungadziwe. Ma logger ena amalola kuika mpata wachiwiri, woti azilembabe ngakhale pasakhale kusintha, mwina pa ola lililonse. Ngati yanu ili nawo, uyatseni. Ngati ilibe, ganizani kawiri. Kumbali yanga, event ndi ya logger ya chingwe cha mpweya, ija yokhala ndi kapaipi kakang'ono kofika kunja, yomwe imachotsa mpweya yokha, kapena ya malo amene madzi amadumpha ndi masentimita 10 kapena 20 nthawi imodzi, kusintha komwe mpweya sungafike m'maola ochepa. Logger ya mpweya yokha musaiike pa event. Ikhale pa linear nthawi zonse.

Schedule ndi mndandanda wa mipata yotsatizana: mpata wakuti kwa nthawi yakuti, kenaka wina. Mwini wake weniweni ndi ntchito yoyesa pampu. Pampu ikayaka madzi amagwa msanga m'mphindi zoyamba, kenaka amatsika pang'onopang'ono. Njira zosanthulira miyeso yotere, ya Theis ya 1935 ndi ya Cooper ndi Jacob ya 1946, zimawerengera nthawi mochulukitsa ka 10: kuchokera pa mphindi 1 kufika 10 n'kofunika mofanana ndi kuchokera pa 100 kufika 1,000. Choncho miyeso iyenera kuthithikana poyamba. Mndandanda umene ndakonza woyesa kwa maola 24 uli motere: mphindi iliyonse kwa ola limodzi pampu isanayake, miyeso 60, kuti pakhale poyambira, sekondi iliyonse kwa mphindi 2, miyeso 120, masekondi 10 kwa mphindi 18, miyeso 108, mphindi iliyonse kwa mphindi 100, miyeso 100, kenaka mphindi 5 kwa maola 22, miyeso 264. Yonse pamodzi ndi 652. Logger ya Level TROLL 700 ya In-Situ ili ndi njira yotchedwa true logarithmic yomwe imatalikitsa mipata yokha.

Koma mndandanda umatsatira wotchi, sutsatira pampu. Pampu ikachedwa kuyaka ndi mphindi 3, gawo la sekondi imodzi lathera pa madzi ongokhala. Ikazima msanga, mwina magetsi athima, madzi ayamba kubwerera mothamanga logger ili pa mphindi 5, ndipo mwataya gawo limene nthawi zambiri limakhala loyera kuposa lonse, popeza pampu siikugwedezanso madzi. Ndiye onani masamu awa: linear ya masekondi 10 ndi miyeso 8,640 pa tsiku. Kupopa kukatalika kufika maola 72, kuphatikiza maola 24 obwerera, ndi miyeso 34,560. Mu HOBO U20 sizikwana, ndipo schedule ndi yofunikadi. Mu logger ya 150,000 zikukwana n'kutsala malo ambiri, ndipo pampu iyake kapena izime nthawi iliyonse, mwaigwira. Miyeso yochuluka mungaipatulire pa kompyuta. Yosowa simungaipange.

Mafunde ndi nkhani yaifupi. Ma logger ena ali ndi averaging, yotenga miyeso ingapo motsatizana n'kulemba wapakati. Imathandiza, koma paipi yoboolaboola m'munsi yomangidwa pamtengo wolimba, logger ili mkati, imathetsa mafunde ambiri osadya batire.

Njira iliyonse mungasankhe, wotchi ikalakwa zonse zalakwa. Ma logger onse awiri atenge nthawi pa kompyuta imodzi, tsiku limodzi. Gwiritsani future start, njira yoikiratu nthawi yoyambira kulemba, kuti ayambire pamodzi pa ola lathunthu, monga 12:00:00, osati pomwe mwadina. Mukatero mizere ya m'madzi ndi ya mpweya imagwera pa mphindi zofanana, ndipo pulogalamu siyenera kuyerekeza za pakati. M'maiko amene amasuntha wotchi ndi ola limodzi nyengo ikasintha, ikani UTC, nthawi ya dziko lonse imene sisunthidwa, apo ayi mupeza ola lobwerezeka kapena losowa. Mawotchi a ma logger ena amataya mpaka mphindi imodzi pa mwezi, ndiye pokopera lembani kusiyana kwa wotchi yake ndi ya kompyuta musanaikonzenso. Yambitsani logger ili kunja kwa madzi, pafupi ndi ya mpweya, kwa ola limodzi: mukachotsa mpweya iyenera kuonetsa pafupifupi ziro, ndipo chotsalacho ndi kulakwitsa kwake komwe muyenera kukudziwa.

Zimene zakhazikika pakadali pano ndi izi. Logger ya m'chitsime ndi ya mamita 10, idzapachikidwa pansi pa pomwe madzi amafika akatsikitsitsa, koma osapitirira mamita 10 a madzi pamwamba pake akadzaza. Ili pa linear, mphindi 15, slate. Ya mpweya ili pa linear, mphindi 15 zomwezo. Event yasiyidwa. Schedule yasungidwa mu fayilo kudikira tsiku loyesa pampu, ngakhale ndikupendekera ku linear ya masekondi 10.

Chotsatira ndi kuyeza madzi ndi tepi yolira ikakhudza madzi, kuchokera pa chizindikiro chimodzi chokhazikika pamlomo wa paipi, pa mphindi yomwe logger ikulemba, madzi atakhazikika pambuyo poitsitsa. Muyeso womwewo udzabwerezedwa logger isanavuulidwe. Ngati kusiyana kwa tepi ndi logger kwasintha pakati pa masiku awiriwo, waya watsetsereka kapena sensa yayamba kusochera, ndipo girafu idzasonyeza chimene chachitika: kutsetsereka kumaoneka ngati kudumpha kwa nthawi imodzi, kusochera kumakula pang'onopang'ono.