Hemingway anali mkamwini, nditsutseni

Dzulo mwera unavuta moti asodzi sanalowe m'madzi, usipa wogula kunalibe, ndiye ndinangokhala pakhonde ndi kabuku kakale ka achimwene kaja ka The Old Man and the Sea. Ndi nkhani ya mdala wina msodzi wa ku Cuba amene anatha masiku 84 osapha nsomba olo imodzi, kenako atapha chinsomba chachikulu mashaki anachidya chonse asanafike pagombe. Munthu wa kuno ku Mangochi nkhani imeneyi akhoza kuimva ngakhale sanapiteko ku sukulu. Koma ine chandisowetsa tulo si nsombayo ayi, ndi mwini bukulo, Ernest Hemingway, ndi akazi ake anayi.

Anayi amwali! Osati mitala, mmodzimmodzi, koma kachitidwe kake nkomwe kaja ka azibambo ena a pagombe, phazi ili lili m'bwato lino linalo laponda kale bwato lina. Akazi atatu oyambawo banja linkatha wotsatira ali kale pakhomo. Ena amamuikira kumbuyo eti mtima wake unasweka ali mnyamata, poti mu 1918 atavulala kunkhondo ku Italy anagonekedwa m'chipatala ku Milan nkugwa m'chikondi ndi nesi, Agnes von Kurowsky, yemwe pambuyo pake anamulembera kalata yomukana. Ine ndimati chonamizira basi, ndani sanakanidwepo?

Woyamba anali Hadley Richardson, anakwatirana mu 1921, mkaziyo wamkulu ndi zaka 8. Nthawi imeneyo bamboyu dzina analibe, ku Paris ankadalira kwambiri ndalama za chuma cha masiye za Hadley. Mayiyu anamuchitapo ngozi imodzi yokha yaikulu, mu December 1922 sutikesi yomwe munali zolemba za mwamuna wake inabedwa pa siteshoni ya sitima ku Paris, pafupifupi zonse zinapita. Koma banja silinathere pamenepo, mwana anabadwa mu 1923. Linathetsedwa ndi mnzake weniweni wa Hadley, Pauline Pfeiffer, wogwira ntchito ku magazini ya Vogue, amene ankabwera kunyumba, kudya nawo, mpaka kutsagana nawo ku holide. Azimayi anzanga mukumva? Hadley atatulukira anawauza kuti atalikirane masiku 100, akapitirizabe kufunana iye apatuka. Anapatukadi, ukwati unatha mu January 1927, pofika May Pauline MG2 uja wasanduka mayi wapanyumba.

Apa ndi pomwe ndikunena za ukamwini. Kwawo kwa Pauline kunali ndalama zoopsa. Nyumba ya ku Key West ku America ija anthu amakaiona mpaka lero anawagulira ndi Gus Pfeiffer, m'bale wa bambo ake a Pauline, mu 1931, ndipo ulendo wokasaka nyama kuno ku East Africa mu 1933 analipira ndi a Gus omwewo. Munthu wa ndevu, wodzitama ndi mfuti ndi nkhonya ndi boti lake la Pilar, koma denga la kuchikazi! Kwathu kuno mkamwini amamangako nyumba yekha, kulimako munda wa apongozi, banja likatha amanyamula bulangete ndi nkhwangwa yake nkumapita, ana ndi nyumba zimatsala ndi mkazi. Ndi zomwezo zinachitika, Hemingway ananyamuka, Pauline anatsala ndi nyumba ija ndi anyamata awiri mpaka anamwalira mu 1951. Kusiyana kwake nkoti iyeyu khasu sanaligwirepo.

Koma amene ndimamukonda ine ndi wachitatu, Martha Gellhorn. Anakumana mu bala ya Sloppy Joe's mu 1936, kenako onse ali ku Spain kulemba za nkhondo, mayi akunyumba ali phee ku Key West ndi ana. Anakwatirana mu November 1940 pasanathe ndi mwezi womwe chisiyirane ndi Pauline. Ngakhale nyumba ya ku Cuba, Finca Vigía, amene anaipeza ndi Martha, ngakhale iyi yokha bamboyo anadzaigula ndi ndalama zake, tisamunamizire. Vuto linali loti Martha anali mtolankhani weniweni osati wongoperekeza, samatha kukhala pakhomo nkumadikira mwamuna abwere kunyanja ndi anzake oledzera, iye kukamveka mfuti ankanyamula chikwama. Hemingway zinkamuwawa zimenezi. Mu 1944 analowa ntchito ku Collier's, magazini yomwe Martha ankalembera, mkaziyo nkutsala wopanda chilolezo chopitira ku Normandy, gombe la ku France lomwe asilikali ankakocheza pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse. Mukudziwa anatani? Anabisala m'bafa ya sitima yachipatala mpaka anakaponda gombe la Normandy nkumathandiza kunyamula ovulala, pomwe bambo aja gombelo anangoliona ali m'boti osatsika. Ndinaseka ndekha pakhonde mpaka mwana wanga kudabwa. Ndipo mwa anayi onse ndi Martha yekha amene anayamba kunena kuti basi ndatopa, ukwati unatha mu 1945.

Komabe olo apa, Mary Welsh wa ku magazini ya Time anali atamupeza kale ku London mu 1944. Anakwatirana mu 1946 ndipo ameneyu ndi amene anadya mavuto enieni, mowa, ukali, matenda. Mu January 1954 ndege inagwa nawo ku Uganda pafupi ndi Murchison Falls, mawa lake ina yowapulumutsa inayaka moto ponyamuka, manyuzipepala mpaka analengeza maliro anthu ali moyo. Chaka chomwecho Hemingway analandira mphoto ya Nobel ya zolembalemba. Thupi silinabwererenso mwakale, maganizonso anasokonekera, ndipo mu July 1961 anadzipha ku Ketchum ku America, Mary ali m'nyumba momwemo.

Hadley uja anakwatiwanso mu 1933 ndi mtolankhani Paul Mowrer nakhala mwabata mpaka 1979, ndalama za buku la The Sun Also Rises zikulowa m'thumba mwake poti posiyana anamupatsa iye. Zonsezi ndinawafotokozera amayi madzulo tikusenda chinangwa, anamvetsera osandidula, kenako anangofunsa kuti, nanga ankhoswe ake munthu ameneyu anali ndani, sankatopa?