Mnyamata wanga wa zaka 17 anapereka mimba: mmene tadutsira pa nkhani ya damage ndi chithandizo cha mwana

Nkhani yathu yatha mwezi uno, ndipo ndikulemba mtima usanazizire chifukwa makolo ambiri muno mu Lusaka akukumana nazo koma amabisa. Mnyamata wanga ali Giredi 11, alibe ngakhale ngwee yakeyake. Mtsikanayo nayenso ali ndi zaka 17. Tsiku limene anabwera kudzatula mimba kwathu ku Chawama mnyamata sanakane, choncho za DNA sitinalowemo. Mtsikanayo akanakhala wosakwana zaka 16 bwenzi ili nkhani ya polisi, ku Victim Support Unit, osati yokambirana pamphasa.

Mvetsani ichi poyamba: damage ndi chithandizo cha mwana ndi zinthu ziwiri. Damage ndi ya mwambo, imapita kwa makolo a mtsikana, ukamaliza kulipira yatha. Chithandizo ndi cha khandalo ndipo chimapitirira mpaka likule. Lamulo la Children's Code Act la 2022 limaika udindo wosamalira mwana pa bambo ndi mayi ake, kaya anakwatirana kaya ayi. Koma bamboyo akakhala mwana wa sukulu, aliyense amadziwa thumba limene ligwedezeke. Ndi lathu, makolo.

Amalume a mtsikana anasakaniza zonsezi, n'kutchula ndalama imene sindingaipeze ngakhale nditagulitsa tomato chaka chathunthu. Ndinati, “Bambo, mdzukuluyu ndi magazi athu, sitikumuthawa, koma tchulani zoti munthu angakwanitse.” Iwo akuti ngati ndalama palibe, mnyamatayo amutenge mtsikanayo akhale mkazi wake. Pamenepo ndinakaniratu. Kuchokera mu 2023 lamulo la ukwati silivomereza ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ngakhale wa mwambo. Komanso mtsikanayo ali ndi malo ake kusukulu, pakuti boma linalola atsikana kubwerera m'kalasi akabereka kuyambira 1997. Amalume aja atalephera kutigonjetsa, anakatisumira ku local court.

Tsopano tsiku limene limandiwawa mpaka lero. Samani inanena kuti tifike m'mamawa. Sindinapite kukaoda ku Soweto Market, tebulo langa ndinaphimba ndi saka, mnyamata anajomba pa tsiku la mayeso a masamu. Tinakhala pa benchi panja, dzuwa likutiwomba, mayina a ena akuitanidwa. Ndikafunsa pawindo, yankho n'lakuti “dikirani mayi.” Nthawi ya nkhomaliro windo linatsekedwa. Madzulo ndithu m'pamene wina anatuluka n'kunena kuti fayilo yathu sikuoneka, tibwere tsiku lina. Kodi zimenezo sakanatiuza m'mawa? Mtsikana ndi pathupi pakepo anakhala tsiku lonse pa benchi yomweyo, miyendo itatupa, wosadya kanthu kupatula chitumbuwa chimene ndinamugulira pageti. Tomato amene anatsala dzulo lake ndinakapeza atafewa, ndinangotaya. Ndalama ya minibasi ya anthu awiri, kupita ndi kubwera, inapita pachabe. Palibe ndi mmodzi yemwe anati pepani.

Ndibwerere m'mbuyo pang'ono. Chimene chinatipulumutsa ndi kope. Kuyambira tsiku lotula mimba lija ndinagula kope la ana a sukulu, chilichonse chopita kunyumba kwawo ndimalemba: bafa, zitenje, matewera, sopo, ndalama ya transipoti yopitira kusikelo. Mayi ake a mtsikana amasaina pambali. Ndalama ndimatumiza pa Airtel Money, uthenga wake sindifufuta. Mlandu utalowa, amalume aja anaimirira n'kunena kuti sitinaperekepo kanthu. Ndinangotulutsa kope lija, chikuto chake chothimbirira ndi madzi a tomato, n'kupereka kutsogolo. Anawerenga tsamba ndi tsamba, mayi a mtsikana n'kuvomera kuti siginecha ndi yawo. Musapereke ndalama pamanja popanda cholemba, ngakhale mukupemphera mpingo umodzi.

Ku local court maloya saimirira munthu, umadziyankhulira wekha. Ndiye konzekani mawu anu, ndipo mnyamatayo aphunzire kuyankha yekha mwaulemu, chifukwa amafunsidwa iyeyo, osati amake. Damage anaitsitsa, n'kutilola kulipira pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi.

Za chithandizo cha mwana tinakhalira pansi ndi a social welfare a m'boma lathu, ndipo kumeneko ndikanakonda aliyense atayambira. Mayi amene tinawapeza anafunsa zimene ndimapeza pamsika, zimene khanda limafuna, n'kutilembera pangano loti tonse tisaine. Anatiuza kuti mbali ina ikaphwanya pangano, nkhani ikhoza kupita kwa majisitireti kuti apereke chilamulo cha chithandizo. Amene mulibe ya loya, kuli Legal Aid Board, komanso National Legal Aid Clinic for Women imene imathandiza amayi ndi ana.

Makolo anzanga a anyamata, zothawitsira mwana kwa agogo ake ku Chipata kapena ku Katete kuti nkhani izizire siyani. Khandalo lidzafunabe phala. Wanga ndinamuuza kuti sukulu sasiya, koma Loweruka lililonse amatsuka magalimoto, ndipo kangachepe kamene wapeza amatumiza yekha pa foni yake, kuti dzina lotuluka pa uthenga likhale lake. Zotsalazo ndimaonjezera ine, n'kulemba m'kope. Lembani chilichonse, ndabwerezanso.

Mwanayo anabadwa, ndi wamkazi. Dzina la bambo ake lili pa khadi la kusikelo. Chatsala ndi satifiketi ya kubadwa, ndipo mnyamata apita yekha ndi chiphaso chake cha unzika (NRC) sukulu akatsekera.