Tinalonjeza miyezi itatu, inatha isanu ndi iwiri

Kampani yathu yolemba mapulogalamu a bizinesi tinaiyamba tili awiri, ine ndi mnzanga wa kusukulu. Kasitomala woyamba ankafuna pulogalamu yowerengera katundu wake ndi kutulutsa mainivoisi. Chilichonse chimene watchula, ife tinkangoti "zitheka, bwana", mndandanda n'kumatalika. Titaona kuti nthawi yatithera tinalemba ntchito anyamata ena awiri, poti mutu umodzi susenza denga. Masabata atatu anangothera kuwalongosolera khodi yathu (malangizo amene timalembera kompyuta), ntchito itaima. Fred Brooks, yemwe anatsogolera ntchito yolemba pulogalamu yaikulu ya OS/360 ku kampani ya makompyuta ya IBM, anachenjeza kale mu 1975 kuti kuwonjezera anthu pa pulogalamu yochedwa kumangoichedwetsa. Ife tinazimva madzi atafika kale m'khosi.

Koma chimene chinandichititsa manyazi ndi mainivoisi. Kumapeto kwa mwezi akauntanti wawo anaimba foni kuti ziwerengero zathu sizikugwirizana ndi zake. Kusiyana kwake kunali kochepa zedi, koma pa ndalama palibe zoti n'zochepa. Ndinachezera masiku awiri ndikufufuza, mpaka ndinapeza kuti mitengo tinkaisunga ngati float, njira imene kompyuta imasungira manambala a madesimo mongoyandikizira. Kompyuta imawerengera mu binary, ndiko kuti pogwiritsa ntchito 0 ndi 1 basi, ndiye mukaiuza kuti iphatikize 0.1 ndi 0.2 imakupatsani 0.30000000000000004. Tizotsalira timeneti tikaunjikana timasokoneza buku lonse. Tinasinthira ku numeric, njira yosungira manambala ndendende mu PostgreSQL (pulogalamu yosungiramo deta), nkhani n'kutha.

Masiku ano timayamba ndi funso limodzi: ndi ntchito iti imene ikukusowetsani tulo? Timapanga imeneyo yokha, pakatha masabata awiri n'kuipereka kwa amene aziigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, osati kwa abwana okha. Kawirikawiri zimene abwana ankalimbikira pa msonkhano woyamba sazikumbukiranso.

Sitilembanso zimene ena analemba kale. Django, maziko okonzedwa kale amene timamangirapo mapulogalamu athu, ndi yaulere, ndipo imabwera ndi polowera ndi pasiwedi komanso tsamba la oyang'anira. Nthawi imene tapulumutsa pamenepo timaithera pa mayeso oona ngati khodi ikugwira bwino ntchito. Paliponse pokhudza ndalama, msonkho kapena kuchotsera mtengo pali mayeso odziyendera okha munthu akangotumiza khodi ku Git, kumene timasungira khodi yathu, ndipo mayesowo akalephera, khodiyo sipita kwa kasitomala, ngakhale wolemba atakhala ine.

Mnzanga amadandaulabe kuti mayesowa amatidyera nthawi. Ndikamva zimenezo ndimangomutsegulira inivoisi yakale ija, yomwe ndinaisunga dala.