Ulendo wathu wa ku Lilongwe ndi nkhani ya zaka yomwe tabwera nayo

Tinanyamuka pa boma pa Mchinji cha m'ma 5 koloko Loweruka kudakali kamdima, atsikana 14, anyamata atatu, a matroni ndi ineyo. Minibasi tinachita kuhayala ndi ndalama zomwe makolo anasonkha kuphatikizapo zija tinapeza pogulitsa mandasi ku mpira. Kwa amene simukutidziwa, ndife gulu lija limavina ndi kuchemerera pa bwalo timu ikamasewera, tinayamba ndi nyimbo za netiboli basi koma chaka chathachi tayamba kuphunzira cheerleading yeniyeni ija yonyamulana m'mwamba, poonera pa YouTube pa foni ya a matroni. Ndiye anzathu ena a ku Lilongwe omwe anayamba kale anatiitana kuti tikaone mmene iwo amachitira.

Za njira sindinena zambiri, M12 mukuidziwa. Pa Kamwendo tinagula nthochi, pa Namitete ana anayambitsa nyimbo mpaka adalaiva kumavomera nawo, pofika pa Msundwe ambiri anali atagona.

Chomwe chinandigwira mtima titangolowa mu holo ndi mamatiresi, ayala pansi ponse ndipo palibe amene amakwera pa mnzake kunja kwa matiresi, olo pang'ono. Wokwera pamwamba amamutcha flyer, awiri omugwira mapazi ndi ma base, wachinayi amaima kumbuyo ndiye spotter, iyeyu ntchito yake ndi kuyang'ana mutu ndi msana wa flyer basi, saonera kwina. Ndinaona ndi maso angawa mtsikana wina phazi litaterereka m'manja mwa base, spotter anamuwakha m'khwapa mutu usanayandikire n'komwe pansi, kenako onse anayi anakhala pansi kukambirana kuti walakwitsa ndani komanso pati asanabwereze. Ife kwathu timanyamulana pa udzu kumbuyo kulibe munthu. Mtima wanga unagunda nditaganiza za kamtsikana kathu kamene timakonda kukakweza pamwamba.

Titatha kudya nsima akochi awo anatulutsa kope n'kunena kuti aliyense alembe dzina ndi chaka chobadwa. Wina analemba 13, iwo anati ayi mwanawe, sindinafunse zaka zako, ndafunsa chaka chomwe unabadwa. Apa ndi pomwe anayamba kutifotokozera nkhani yomwe yandipangitsa kulemba zonsezi.

Masewerawa ali ndi bungwe lake la dziko lonse, International Cheer Union, mwachidule ICU, lomwe linakhazikitsidwa mu 2004 ndipo komiti ya ma Olympics inalivomereza kwathunthu mu 2021. Mpikisano wake waukulu umachitikira ku Orlando ku America, kawirikawiri mu April, ndipo kumapita matimu oimira mayiko. Magulu amagawidwa potengera zaka. Youth ndi a zaka 12 mpaka 14, Junior ndi a zaka 15 mpaka 18, Senior amayambira pa zaka 16 kupita m'tsogolo. Ndiye kuti wa zaka 17 akhoza kukwana ku Junior komanso ku Senior, koma wa zaka 13 ku Senior sangalowe ngakhale atakhala katswiri chotani. Akochiwo anatsindika kuti malamulowa amawaunikanso nthawi ndi nthawi, kale Junior inkayambira pa ana ocheperapo kuposa pano, ndiye chaka chilichonse uyenera kuwerenga pepala la chaka chimenecho osadalira zomwe unamva kale.

Chomwe chinazunguza ana ambiri mitu ndi mawerengedwe ake. Iwo amaona zaka zomwe ukwanitse m'chaka cha mpikisanocho, osati zomwe uli nazo tsiku lomwe ukuvina. Mwachitsanzo mwana wobadwa mu December 2011 akhoza kulowa Junior mu April 2026 ngakhale adakali ndi zaka 14, poti 15 aikwanitsa chaka chomwecho, pomwe mnzake wobadwa mu January 2012, kusiyana masabata ochepa chabe, ayenera kudikira mpaka 2027. Atsikana athu awiri omwe amayendera limodzi ngati mapasa anapezeka ndendende mu vuto lomweli, anayang'anana wina n'kunena kuti koma zimenezi si chilungamo akochi. Iwo anamuyankha mofatsa kuti malire ayenera kukhala penapake mwana wanga, ndipo chaka chobadwa aliyense akhoza kuchiona pa pasipoti popanda mkangano.

Koma vuto lenileni linatuluka a matroni atatenga kope lija n'kuliyerekeza ndi mndandanda womwe tinali nawo wochokera m'kaundula wa kusukulu. Ana asanu mwa 17 anali ndi zaka ziwiri zobadwa. Kamtsikana kathu ka flyer kaja kanalemba 2012 poti amayi ake amakauza choncho, pepala lathu likuti 2013. Mnyamata wina pepala likuti 2010 iye akuti 2008. Palibe amene amanama dala, izi tonse tikudziwa mmene zimachitikira kumudzi, kholo limapita kukalembetsa mwana sitandade 1 n'kungotchula chaka chomwe chabwera m'mutu, kapena amachepetsako pang'ono poti mwana wachedwa kuyamba sukulu, basi chakacho n'kukhazikika mpaka pa mayeso a sitandade 8. Akochi atafunsa kuti ali ndi setifiketi yobadwira akweze mkono anakweza atatu okha. Ndipo sizodabwitsa, lamulo lokakamiza kulembetsa mwana aliyense akabadwa linayamba kugwira ntchito mu 2015, ana athuwa onse anabadwa chaka chimenecho chisanafike, chitupa cha unzika nacho munthu amatenga akakwana zaka 16 ndiye ambiri sanafikepo.

Kamtsikanako kanayamba kulira, kanandifunsa chapansipansi kuti achemwali ndiye kuti ine mundichotsa? Ndinakagwira dzanja n'kukauza kuti palibe akukuchotsa, tikafunsa amayi ako kadi ya kusikelo tione.

Pobwerera mu minibasi mnyamata wathu wamkulu anati bwanji tingosankha chaka chomwe chikutikomera, ndani angadziwe. Ine ndinakana ndipo ndikukanabe. Ku mpira wa miyendo kubera zaka kunafika poti FIFA inayamba kujambula mikono ya anyamata a under 17 ndi makina a MRI mu 2009 pofuna kuona zaka zawo pa mafupa, ndipo timu ikagwidwa manyazi amagwera dziko lonse. Kuno ku cheerleading n'koopsa kuposa manyazi, chifukwa chinyengo chake chimakhala chomuonjezera mwana zaka kuti alowe gulu la akuluakulu poti ndi wopepuka savuta kumuponya m'mwamba, ndiye mwana wa zaka 13 mafupa asanakhwime akuponyedwa ndi anyamata a zaka 20 n'kumatembenuzika m'malere, akaphonya kumuwakha wovulala khosi ndi iyeyo osati amene anasintha pepala. Malire a zaka aja amateteza ana ngati kamtsikana kathuka, ndipo kunena zoona ifenso takhala tikukakweza pamwamba chifukwa chongoti n'kopepuka osaganiza zambiri. Zimenezo tasiya kuyambira Lolemba, palibe kukwera popanda spotter ndipo ang'onoang'ono azinyamulana okhaokha mosapitirira m'mapewa.

Ena munena kuti Orlando ndi kutali, ana a ku Mchinji akafikako liti. Mwina si chaka chino kapena cha mawa, koma Chipata ali pafupi pomwepa, tsiku lina atatiitana anzathu a ku Zambia pa boda pa Mwami adzafunanso mapepala omwewa, ndipo mwana wopanda setifiketi adzatsala pakhomo anzake akukwera galimoto.

Tinafika pa boma cha m'ma 8 usiku, makolo ena anali akudikira pa depoti ndi matochi. Lamulungu masana ndinapita kwa amayi a kamtsikana kaja, anafufuza m'chikwama chakale pansi pa bedi mpaka anaipeza kadi ya kusikelo itakulungidwa mu jumbo ya shuga, yothimbirira koma inki ikuonekabe, 2012. Loweruka likubwerali 2 koloko masana tili ndi msonkhano wa makolo pa bwalo pomwe timaphunzirira, chonde aliyense abwere ndi kadi ya kusikelo kapena buku la kuchipatala la mwana wake, a matroni alemba mayina a onse opanda setifiketi kuti tipitire limodzi ku ofesi ya NRB, yopereka masetifiketi obadwira ndi zitupa za unzika, pa boma sabata yotsatirayo.