Mpanda wotchinga chipale umaima m'munda mwa mlimi

Anthu ambiri amaopa msewu pamene chipale chofewa chikugwa. Ine amene ndimayendetsa galimoto m'misewu ya kumidzi kuno ku Minnesota, m'dziko la America, ndimaopa kwambiri mawa lake, kumwamba kutayera, mphepo itadzuka. Imakokolola chipale m'minda yokololedwa kale n'kumachiwaza pamsewu ngati ufa. Kutsogolo sikuoneka, ndipo matayala akachiponda chimasungunuka pang'ono, kenako n'kuundana, msewu n'kuyamba kuterera.

Mankhwala ake ndi mpanda, koma osati khoma. Theka lake ndi mipata, ndipo pansi amasiya danga. Mphepo ikadutsa m'mipatamo imafooka n'kutula chipale kuseri kwa mpandawo. Katswiri wina, Ronald Tabler, anafufuza zimenezi ku Wyoming, chigawo china cha America, kumene mipanda ya matabwa inayamba kumangidwa m'mbali mwa msewu wa I-80 mu 1971. Mulu wa chipalewo umatha kutambalala mtunda wowirikiza ka 35 kutalika kwa mpanda. Ndiye kuti mpanda wa mamita 2 uyenera kuima mamita 70 kuchokera kumsewu. Ukauyandikiza wakulitsa vuto, chifukwa muluwo udzakhala pamsewu penipeni.

Mamita 70 amenewo sathera pamalo a boma. Amathera m'munda mwa munthu.

Alimi ena amakana, ndipo ndimawamvetsa. Pamene panaunjikana chipale nthaka imachedwa kuuma, kubzala kumachedwa, thirakitala nayo imavutika kutembenuka. Koma nthambi ya boma yoona za misewu, MnDOT, imalipira mlimi amene wasiya mizere ingapo ya chimanga chili chiimire nyengo yonse yozizira, kapena amene wabzala zitsamba kuti zikhale mpanda wamoyo. Ku Iowa, chigawo choyandikana nafe, nakonso amalipira mizere ya chimanga.

Pali malo ena amene ndimadutsa kawirikawiri. Mbali yochokera mphepo kwaima mapesi ouma, ngala zili lende, kuseri kwake chipale chitaunjikana mulu wautali. Pamenepo phula limaoneka bwinobwino, lakuda, louma. Mizere ija ikangotha, msewu umayera mbee, manja n'kuuma pachiwongolero.

Eni minda inu, basi ya ana asukulu imadutsa pomwepo m'mawa kusanache, ambulansi nayonso. Akabwera a zamisewu kudzapempha mizere ya chimanga chanu, chonde alandireni, mumve malipiro ake, muyese chaka chimodzi.